Mmene mungalembere nkhani ya mzukwa yoopsa mwakachetechete, yopanda magazi ndi kukuwa

Nkhani za mizukwa zomwe zikuzungulira pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp masiku ano zambiri zimathamanga udyo. Ndime yoyamba munthu wafika kale kumanda pakati pa usiku, yachiwiri chinthu chovala zoyera chatulukira maso ali psuu, yachitatu magazi ali mbwee, kenako abusa kapena asing'anga abwera kudzatseka nkhani. Umawerenga, umaseka, ukagona tulo take ndi tabwinobwino. Ine zomwe zimandigwira ndi zinazi, zoti powerenga palibe chomwe chakudzidzimutsa olo pang'ono koma ukangozimitsa nyali uyamba kuwerengera kuti kodi kuchimbudzi kuja nkofunikadi kupitako usiku uno kapena tidikire kuche. Nde kwa inu amene mukufuna kulemba zamtundu umenewu, makamaka ife akuno ku Dedza ndi Ntcheu amene malo anatigwirira kale theka la ntchito, nazi zomwe ndimaona kuti zimagwira.

Osayamba ndi mzukwa, yambani ndi malo, ndipo akhale malo oti mukhoza kuyendamo mutatsinzina. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lenilenilo limapitirira 2,000, nde Juni ndi Julayi chifunga chikatsika munthu wobwera kutsogolo kwako umayamba kumva mapazi ake usanamuone, ndipo akakudutsa amazimiririka usanatsimikize kuti anali ndani, wakupatsa moni wayankha koma nkhope sunaione. M'nkhalango ya paini kuphiriko pansi ndi pofewa, mapazi samveka, mphepo yokha ndiyo imalira m'mwamba. Msewu wa M1 kuchoka ku Dedza kudutsa pa Lizulu kulowera ku Biriwiri malo ambiri ndi malire enieni, uku Malawi uko Mozambique, ndipo amene ankayenda msewu umenewu nkhondo ya kumeneko itangotha mu 1992 amakumbukira nyumba ndi masitolo opanda madenga tsidya linalo, eni ake osadziwika komwe anathera. Ku Chongoni kuli mapanga ndi miyala yojambulidwa, malo 127 omwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawazindikira mu 2006, ndipo zojambula zofiira zija amati ndi za Akafula, anthu oti kulibenso koma ntchito ya zala zawo ikadali pamwala. Zonsezi ndi zathu, sitikufunika kubwereka nyumba yachifumu ya kunja yokhala ndi masitepe olira.

Komabe malo otchukawo muziwagwiritsa ntchito ngati kumbuyo chabe, nkhani yeniyeniyo ichitikire pamalo wamba, nyumba ya aphunzitsi ya kumapeto kwa mzere, chigayo atatseka, khitchini ya udzu, kachipinda kosungiramo kachewere. Kumanda ndiye osathamangirako. Owerenga akangoona kuti tikupita kumanda amadzikonzekeretsa, amadziwa kale kuti china chake chituluka, nde mwaluza. Kwathu kuno manda amaonekera patali, kamsitu kokhako katsala chiimire pomwe mitengo ina yonse inatha ndi nkhuni ndi makala, basi muloleni munthu wanu adutse pamenepo masana dzuwa likuswa mtengo, amene akuyenda naye asiye kaye kulankhula mpaka atapitirira, wina asaloze ndi chala, ndipo inu olemba musanenepo kanthu.

Mngelezi wina wolemba nkhani, M. R. James, amene ankawerengera anzake nkhani za mizukwa nthawi ya Khirisimasi ku Cambridge ndipo buku lake loyamba la nkhani zotere linatuluka mu 1904, ankalimbikira zomwezi, kuti anthu a m'nkhani ayambe aoneka akuchita zawo za tsiku ndi tsiku pamalo odziwika, choopsacho chizisuzumira pang'onopang'ono. Pamenepo ndimagwirizana naye. Pali pena pomwe ndimasiyana naye, tifikapo.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tiziyenda nacho. Mnyamata wogwira ntchito ku Johannesburg, agogo ake aakazi amene anamulera amwalira kumudzi cha ku Lobi, iye pamaliro sanafike poti mapepala ake sanali bwino, wabwera patatha miyezi iwiri, ndipo amalume ake amupatsa kiyi wa nyumba ya agogowo kuti azigona momwemo sinanga ndi yamalata ndipo ikungokhala. Ndime zinayi kapena zisanu zoyambirira musaikemo choopsa chilichonse. Watsika minibasi pa Linthipe, wakangana mtengo ndi wakabaza, wafika, amuyalira mphasa, moni wa mmodzimmodzi uja, amupepesa maliro, madzulo amuperekeza kukaona pomwe anagona agogo. M'nyumbamo tionetseni zinthu, mpando wandalema, kapu yawo yomwe wina aliyense sankamwera, kalendala ya chaka chatha ikadali pakhoma, kabotolo ka fodya wofwenkha pawindo, tsache kuseri kwa chitseko. Apa mukuyala dongosolo, mukuphunzitsa owerenga mmene zinthu zimakhalira pakhomopa zikakhala bwinobwino, chifukwa munthu sangaone kuti chinthu chasuntha ngati sanaone pomwe chinali. Tsachelo litchuleni kamodzi kokha pakati pa zinthu zinazo, osaliunikira tochi.

Kenako sokonezani chinthu chimodzi, chimodzi chokha, ndipo chikhale chaching'ono choti munthu akhoza kuchita manyazi kuchifotokozera mnzake. Mwachitsanzo:

M'mawa mwake anapeza pabwalo posesedwa. Mizere ya tsache inayambira pakhonde, n'kukhota pamtengo wa mapichesi, n'kukathera kudzala, timizere tatifupitifupi mmene ankasesera agogo chiyambire kudwala msana. Anapita kukathokoza mayi ake aang'ono. Anawapeza akupeta mphale, ndipo sanadzutse mutu.
"Mwagona bwanji mmenemo, bambo?"
Iye anati wagona bwino, ndipo zikomo posesa.
"Chabwino," anatero mayi aang'onowo, n'kupitiriza kupeta.

Taonani kuti mayiwo sanavomere, sanakanenso. Apa ndi pomwe pali mphamvu yathu yeniyeni ife olemba m'Chichewa ndipo ambiri sitipagwiritsa ntchito. Akuluakulu akwathu nkhani yolemera sainena mwachindunji, amazungulira, amasintha nkhani, amakufunsa ngati wadya, amauza ana kuti apite akasewere uko. Nde m'nkhani yanu mudzi wonse ukhale ukudziwa kanthu kena ndipo aliyense akhale waulemu kwambiri moti sangakanene. Amalume afunse kuti kodi ulendo wobwerera uli liti, n'kuonjezera kuti ayi sitikukuthamangitsani. Ana amene ankasewera pakhonde limenelo azilambalala. Mayi wa nyumba yoyandikana azifulumira kulowetsa mbuzi dzuwa lisanalowe. Palibe amene akukuwa, palibe amene wanena mawu oti mzukwa, ndipo ngati mungathe mawu amenewo asapezeke m'nkhani yonse.

Chilichonse chachilendo chikachitika, siyani khomo lotsegula loti munthu wanzeru angatulukirepo. Malata amalira usiku chifukwa masana amafutukuka ndi dzuwa ndipo kukazizira amabwerera, kuno kozizira msanga amachita kuthetheka ndithu. Kudenga kumayenda makoswe. Usiku wozizira wopanda mphepo phokoso limafika patali, mtondo wa mudzi wina umamveka ngati uli kuseri kwa nyumba. Kadzidzi amatera pafupi ndi nkhokwe chifukwa ndi pomwe pali mbewa ndi makoswe. Munthu wanu azidziwa zonsezi ndipo azidziuza yekha, asakhale chitsiru chothamangira kukuwa, akhale munthu woti wakhala m'tauni ndipo amaseka zoterezi, pakuti owerenga anu ambiri amadziona choncho. Ntchito yanu ndi kutseka makomo amenewa limodzilimodzi, mosapupuluma, mpaka atsale alibe potulukira.

Moto wa nkhani yotereyi ndi wophikira nyemba zouma, ukausonkhezera kwambiri madzi amaphwa, mphika upserera, nyemba mkati zikadali gwa. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi choti olemba akafuna kukweza mantha amakulitsa chinthucho, dzulo tsache lero mutu wa munthu mawa moto. Ayi. Chinthu chikhale chomwecho, muzingochepetsa mtunda. Tsiku loyamba pasesedwa pabwalo. Patapita masiku angapo pasesedwa pakhonde, mpaka nsapato zomwe anazisiya pakhomo zaikidwa bwino mbali imodzi. Iye atenga tsache lija n'kulitsekera m'sutikesi, akudziseka yekha pochita zimenezo. M'mawa wina apeza pabalaza posesedwa, chitseko chili chokhoma mmene anachisiyira, mizere ija yathera pakhomo la kuchipinda chomwe akugona. Simunaonjezere chilichonse chatsopano koma owerenga ayamba kale kuwerengera okha kuti kwatsala malo amodzi, ndipo kuwerengera kumeneko ndiye mantha amene tikufunawo, akuchita okha, inu mwangowapatsa masamu.

Pakati pa mausiku amenewa muziikamo masana enieni. Apite kumsika, akagule mayunitsi, akumane ndi mnzake wa kupulayimale amupemphe ya kachasu, aseke, adye chipisi cha pachiwaya. Nthabwala sizichotsa mantha, zimapangitsa owerenga kumasuka kenako dzuwa likamapendeka m'nkhanimo nawonso mtima umayamba kutsika.

Tsopano pomwe ndimasiyana ndi James paja. Iye ankati mzukwa wa m'nkhani uzikhala wankhanza kapena wonyansa, wabwino ndi wa nthano za ana. Kwawoko mwina. Kwathu kuno wakufa si mlendo, ndi wachibale, ali ndi dzina, mwina mwana wina pakhomopo anamutcha dzina lomwelo, ndipo akabwera amabwera ndi chifukwa, chiliza sichinamangidwe, ndalama zomwe zinatumizidwa zinadyedwa, mawu omwe anasiya sanatsatidwe, kapena mwana amene anamulera sanabwere kudzaponya dothi. Nde mzukwa woopsa kwambiri kwa ife ndi umene ukukuchitira zabwino. Ukukusesera. Ukukufunditsa bulangeti lomwe unalikankha usiku. Ungathawe bwanji agogo ako, ungawatukwane bwanji, ungakaitane bwanji anthu kuti adzawathamangitse m'nyumba yomwe anamanga okha ndi ndalama za kachewere? Mantha osakanikirana ndi ulemu komanso manyazi ndi amene amakhalitsa m'mutu, chifukwa pafupifupi aliyense wowerenga ali ndi maliro ena ake omwe sanapiteko, kapena foni yomwe ankati aimba mawa. Chifukwacho musachilalikire. Chitchulidwe kamodzi, mongodutsa, mwina amalume anene kuti tsiku losesa anthu anafunsa za inu, basi n'kuyamba kukamba za mtengo wa feteleza.

Gwiritsani ntchito makutu ndi mphuno kuposa maso. Mumdima munthu saona, amamva, nde fungo la fodya wofwenkha lija libwere m'chipinda chotseka, kapena mpando wandalema ulire kamodzi mmene umalirira munthu akamakhalapo. Chichewa chili ndi timawu tomveketsa zinthu, zii, phee, tswatswa, gogogo, koma tili ngati tsabola wa kambuzi m'manja mwa olemba ambiri, amathira paliponse. Sungani kamodzi kapena kawiri pa malo oyenera. Ndipo pali mawu ena oti mukamaliza kulemba muwasake n'kuwachotsa onse: mwadzidzidzi, zoopsa kwambiri, anachita mantha aakulu, thupi lonse linanjenjemera. Mukandiuza kuti munthu wachita mantha ine sindichita nawo. Ndionetseni kuti wagona ndi nsapato kuphazi, wasiya wailesi ikulira mpaka mabatire atha, walowetsa kachigubu m'chipinda kuti asatuluke usiku, munthu wamkulu ndithu wa ndevu zake. Ziganizo nazo muzizisintha, pamene zinthu zili bwino zikhale zazitali zoyenda mwaulesi, pamene chinthu chasokonekera chiganizo chikhale chachifupi, chouma, chonenedwa ngati palibe chachilendo.

Nanga mzukwawo tiuonetse? Ine ndimati ngati mwaumirira, onetsani kachidutswa. Chidendene chong'aluka chikuzimiririka pakona ya nyumba m'chifunga cha m'mamawa, kapena nsonga ya chitenje chomwe iye mwini anatumiza Khirisimasi ina. Nkhope ayi. Nkhope iliyonse yomwe mungafotokoze idzachepa poyerekeza ndi yomwe wowerenga wapanga kale m'mutu mwake, ndipo yakeyo ndi ya agogo ake enieni, inu simungaipose.

Za foni, poti nkhani za masiku ano zimavuta pamenepa. Ambiri amangoti netiweki inathawa, batire linatha, n'cholinga choti munthu asowe thandizo. Zimenezo owerenga anazitopa nazo. Foniyo igwire ntchito bwinobwino ndipo ikhale yomwe ikubweretsa vuto. Mnyamata wathu aitchere kuti ijambule mawu usiku wonse, m'mawa akhale pakhonde dzuwa likuwala akumvetsera, maola angapo a zii ndi malata kuthetheka ndi tambala woyamba, kenako tsache, patali, likuyandikira, lisiya. Ndiye amve mawu ake omwe, a iye mwini, omveka bwino osati a munthu wa kutulo, akunena mwaulemu kuti ndadzuka bwino agogo, kaya inu. Pamenepo ndiye pachimake, palibe magazi, palibe amene wakuwa, ndipo simukufunikanso kuonjezera kanthu kena pamwamba pake.

Pomaliza nkhani pewani zinthu ziwiri. Choyamba ndi chija choti anadzidzimuka n'kupeza kuti anali maloto, kumeneko ndi kubera owerenga nthawi yawo. Chachiwiri ndi kubweretsa munthu wodzafotokoza zonse, kaya asing'anga kaya abusa kaya agogo ena a m'mudzi odziwa mbiri, chifukwa chinthu chikafotokozedwa chimakhala ndi malire, ndipo cha malire sichiopsanso. Ena amakonda kuti munthu athawe abwerere ku Joni kenako apeze kuchipinda kwake kumenekonso kwasesedwa, imagwira koma yagwiritsidwa ntchito kwambiri moti owerenga amaiona ikubwera. Ine ndingakonde kuti asathawe. Atulutse tsache lija m'sutikesi alibwezere kuseri kwa chitseko, asiye kukamba za tsiku lobwerera, ndipo madzulo ena mwana wotumidwa ndi mayi aang'ono abwere ndi nsima mbale ziwiri, iye alandire osafunsa. Mudzi wavomereza, iye wavomereza, wotsala yekha wosavomereza ndi wowerenga. Mukalemba chiganizo chomwe mukuona ngati ndi chomaliza, yesani kuchotsa ndime yonse yomalizayo muone, nthawi zambiri nkhani imakhala inatha kale m'mwambamo.

Pali zinthu zingapo zomwe si za luso koma ndi zofunika kuposa luso. Gule wamkulu si mzukwa wokongoletsera nkhani yanu, ndi mwambo wa anthu amoyo, UNESCO inaulemekeza mu 2005, ndipo za kudambwe zili ndi eni ake, ngati simunalowe musapeke, ngati munalowa mukudziwa kale zoti simungalembe. Kulira kwa ng'oma kumveke patali usiku wa maliro, zikwanire pamenepo. Chinanso, musasandutse nkhalamba ya m'nkhani yanu kukhala mfiti yomwe yayambitsa zonse. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komanso tonse tamvapo za agogo omenyedwa kapena kuwotcheredwa nyumba chifukwa cha mphekesera zoterezi, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo zinaphetsa anthu osalakwa. Nkhani yolembedwa bwino imakhulupirika, ndipo ikamayenda pa WhatsApp mutu wake umatsala m'njira, imafika kwa munthu wachisanu ngati zinthu zomwe zachitikadi dzulo. Nde tchulani Lobi, Bembeke, Tsangano kapena Mtakataka ngati dera, koma mudzi weniweni, nyumba yeniyeni, sukulu yeniyeni ndi banja lenileni ayi, ndipo mulembe pamwamba ndi pansi pomwe kuti ndi nkhani yopeka.

Musanaitulutse iwerengeni mokweza, makamaka kwa munthu mmodzi madzulo magetsi atazima. Nthano zathu zinali za pakamwa kuyambira kale, padangotelo tili tonse, ndipo khutu limagwira msanga pomwe chiganizo chatsimphina kapena pomwe mwafotokoza mopitirira. Muziyang'ana womverayo, akayamba kugwira foni ndiye kuti ndimeyo yatalika, akaseka pomwe simunafune kuti aseke ndiye kuti mwaonetsa zambiri, akacheuka kuyang'ana kuchitseko musakhudzenso ndime imeneyo.

Ngati mukuitulutsa m'zigawo pa Facebook, musadule pomwe pali phokoso, dulani pa kanthu kakang'ono kosamalizika, monga pamene wapeza nsapato zasunthidwa, ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi masana ake ndi usiku wake. Zigawo zinayi kapena zisanu zakwana, zikafika makumi awiri mzukwa umasanduka mnzathu wozolowerana naye. Muzitulutsa usiku anthu atadya, osati m'mawa ali mu minibasi. Pansipo adzakufunsani ndithu kuti nde amasesayo anali ndani, ena adzalemba kuti ndi mayi aang'ono aja, ena adzati mnyamatayo amayenda kutulo, ena adzayamba kukangana okhaokha mpaka kutukwanana. Musayankhe olo mmodzi.